ZA M'BANJA: Mwana Wopeka Nyimbo pa Piyano



Mwezi uno tifuna kukamba nanu za chinthu chimene ambiri a inu simunachione ndi maso, komabe chafika kale pakhomo pa ena mwa inu. Anatifikira bambo wina wa kufupi ndi Mitundu, nkhope ili yakugwa, natiuza dandaulo lake. Anati: "Mwana wanga ndinamtumiza ku Lilongwe kwa malume ake kuti akafune ntchito. Ntchito anaipeza, koma ndamva kuti nthawi yonse yopuma aitayira pa limba la Azungu, ali yekhayekha, popanda woimba naye, popandanso wovina. Ati ali kupeka nyimbo. Nyimbo yanji yopanda mau? Kodi mutu wa mwanayu uli bwino?" Ife sitinawayankhe msanga, pakuti mlandu saweruza atamva mbali imodzi. Tinanyamuka kukamuona mnyamatayo, ndipo zimene tinaona ndi kumva ndizo tilemba pano. Dzina lake sititchula, chifukwa iye sanatipemphe kuti timtchukitse.

Kumene tinampeza

Mzinda wa Lilongwe uli ngati midzi itatu yosiyana makhalidwe. Kuli Old Town, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kumene kuli msika waukulu, depoti ya mabasi, masitolo ndi phokoso losatha. Chakumpoto kuli City Centre ndi Capital Hill, malo a maofesi, amene anamangidwa m'zaka zimene likulu la dziko linali kusamuka ku Zomba, kufikira linakhazikika ku Lilongwe m'chaka cha 1975. Kuseri kwake kuli malo a nyumba zikuluzikulu, monga Area 10, Area 12 ndi Area 43, kumene nyumba iliyonse ili mumpanda mwake pakati pa mitengo, ndipo masana kuli zii, kungomveka mbalame ndi agalu.

Mnyamata wathuyu, wa zaka 19, agwira ntchito m'sitolo ya zitsulo ku Old Town, kufupi ndi msewu wa Malangalanga, kunyamula malata ndi kuyesa misomali. Malume ake ndi wosamalira maluwa pa nyumba ina ku Area 10. M'nyumbamo muli piyano yakale, imene inakhala chitsekere kuyambira pamene ana a mwini nyumba anakula napita kwao. Mwini nyumbayo, mayi wachikulire, atamva kuti mphwake wa wantchito wake aimba kiyibodi m'kwaya, anamlola kuti azidza Loweruka madzulo ndi Lamulungu madzulo. Motero mnyamatayo akwera minibasi kuchokera ku depoti kufika ku City Centre, nayenda pansi potsalapo. Ndalama ikasowa, ayenda pansi ulendo wonse. Tinati mumtima mwathu: munthu waulesi sayenda chotere.

Piyano n'chiyani?

Poyamba tikufotokozereni chinthucho, pakuti sichifanana ndi limba lopopa ndi mapazi limene agogo athu analiona m'matchalitchi a pa mishoni, sichifanananso ndi kiyibodi ya magetsi imene ana aimba masiku ano. Piyano ndi bokosi lalikulu la matabwa, lolemera ngati matumba 4 a chimanga kapena kuposa. Kutsogolo kwake kuli timatabwa 88 tondanda, 52 toyera ndi 36 takuda, timene oimba atitcha makiyi. M'kati muli nsambo zachitsulo zoposa 200, zokungidwa kolimba pa chimango chachitsulo. Munthu akasindikiza kiyi imodzi, kanyundo kokutidwa ndi ubweya kamenya nsambo zake, liu nilituluka. Akasindikiza pang'ono, liu lituluka lofatsa. Akamenya mwamphamvu, lituluka lokweza. Ndicho chinthu chatsopano chimene mmisiri Bartolomeo Cristofori anatulukira mumzinda wa Florence ku Italy cha m'ma 1700, ndipo dzina lakuti piyano lichokera ku liu la Chitaliyana lotanthauza kufatsa.

Kusiyana kwake ndi limba lopopa nkuku: limba lisunga liu nthawi yonse imene chala chili pa kiyi ndi mpweya uli m'mvukuto, koma liu la piyano liyamba kuzilala pomwepo likangomenyedwa, monga lichitira liu la ng'oma kapena la mangolongondo. Kumbukirani chimenechi, pakuti tibwererako.

Mwina mufunsa chifukwa chake sitinaione piyano m'matchalitchi athu akale. Kunyamula kwake nkovuta, mtengo wake ngwaukulu, ndiponso m'chaka cha 1903 Papa Pius X analetsa kuimba piyano m'tchalitchi, pamodzi ndi ng'oma. Pa Msonkhano Waukulu wachiwiri wa ku Vatican, m'chaka cha 1963, ndi pamene analola zoimbira zina zoyenera, nati nyimbo za mitundu ya anthu zipatsidwe malo ake. Ng'oma inalowa msanga, chifukwa inali pakhomo pomwepo. Piyano inatsalira m'masukulu ena, m'mahotela ndi m'nyumba za anthu opeza bwino.

Mmene nyimbo inabadwira

Tinamfunsa mnyamatayo kuti kupeka nyimbo kuyenda bwanji, ndipo anatiuza mosabisa kuti miyezi yoyamba sanapeke kanthu. Anali kungotola zidutswa za nyimbo zimene anamva pa wailesi ndi pa foni, nazilumikiza, nayesa kuti ndi zake. Tsiku lina malume ake, amene anali kuthirira maluwa pansi pa zenera, anasuzumira nati: "Iwe mphwanga, imeneyo ndaimva kale m'minibasi. Yako ili kuti?" Mnyamatayo anachita manyazi, natseka piyano, nabwerera ku Old Town wosalankhula ndi munthu. Mau a akulu akoma akagonera: Loweruka linzake anabwera ndi mtima wina.

Anadzifunsa kuti: kodi ndili ndi chiyani m'khutu mwanga chimene sindinachitenge pa wailesi? Chimene chinamfikira ndicho kulira kwa misi m'mamawa kumudzi, amayi ake ndi azakhali ake ali kusinja mumtondo umodzi, musi wina ukwera pamene unzake utsika, wosagundana. Anapatsa dzanja lamanzere musi woyamba, napatsa dzanja lamanja musi wachiwiri, kuti liu la dzanja lina lizigwa pampata wosiyidwa ndi linzake. Inu a kumwera mudziwa kuti mangolongondo aimbidwa chomwecho, anthu awiri atakhala moyang'anana, wina kumenya pakati pa kumenya kwa mnzake, mpaka khutu limva nyimbo imodzi yothamanga imene palibe mmodzi wa iwo aiimba yekha. Koma pa piyano anthu awiriwo ali m'thupi limodzi. Anatiuza kuti panapita masabata ambiri manja ake asanaleke kutsatana ngati nkhosa. Anali kuphunzira ngakhale m'sitolo, pogogoda zala pa kauntala, dzanja lina kawiri, linzake katatu m'nthawi yomweyo, monga zichitira ng'oma ndi m'manja pa magule athu.

Misi italongosoka, anafuna kuikapo nyimbo imene agogo ake aakazi aimba posinja. Apa ndi pamene anakomana ndi vuto limene sanaliyembekeze. Nyimboyo inakana kulowa. Aifuna pa kiyi yoyera, ili pamwamba pang'ono. Aifuna pa yakuda yoyandikana nayo, ili pansi pang'ono. Liu la agogo linali kugwera mumng'alu wa pakati pa makiyi, mmene chala sichikhoza kulowa. Poyamba anayesa kuti agogo aimba mophonya. Pambuyo pake anazindikira kuti sanaphonye iai, koma muyeso wao ndi wina.

Tiyese kukufotokozerani ndi fanizo. Tengani makwerero awiri ofanana msinkhu, muwatsamize pa nkhokwe imodzi, ena okhala ndi mapondero 12, ena 7. Pansi ayambira pamodzi, pamwamba afikira pamodzi, koma pakati mapondero ao sakomana. Piyano igawa mtunda wa pakati pa liu ndi liu linzake lofanana nalo lam'mwamba m'magawo 12 ofanana. Amisiri a valimba a ku Nsanje ndi Chikwawa agawa mtunda womwewo m'magawo 7 oyandikira kufanana. Palibe wolakwa, yense ali ndi makwerero ake. Kuwonjezera apo, liu la munthu likhoza kutsetsereka kuchoka pa pondero lina kufika pa linzake, ndipo Chichewa chathu chili ndi kukwera ndi kutsika kwake m'mau momwe, kumene kusiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Piyano sitsetsereka, idumpha.

Tsono anachita chiyani? Pena anamenya makiyi awiri oyandikana motsatizana msangamsanga, kuti khutu liganizire liu lokhala pakati pao. Pena analeka kukakamiza, nalola kuti nyimbo ipatuke, iyende njira imene piyano ikhoza kuyenda. Ndipo chimene chinatuluka sichinalinso nyimbo ya agogo, sichinalinso ya pa wailesi, koma mwana wobadwa mwa nyimbo ya agogo, wofanana nayo nkhope koma wa dzina lake. Pamenepo ndi pamene kupeka kunayamba.

Ntchito yosaoneka

Musayese kuti zotsalazo zinali zapafupi. Nyimbo yopekedwa Loweruka inali kuiwalika pofika Lachitatu, pakati pa malata ndi misomali. Anayamba kuijambula pa foni, koma foni isunga zonse, zabwino ndi zoipa, wosasankha. Kalembedwe ka do, re, mi, kamene makwaya athu agwiritsa ntchito, kanamchepera, chifukwa zala khumi zikhoza kutulutsa mau ambiri nthawi imodzi. Motero anaphunzira kalembedwe ka pa mizere 5, kamene pa piyano kafuna magulu awiri a mizere, lina la dzanja lamanja, lina la lamanzere. Anamthandiza mnzake amene anaphunzira ku sukulu ya nyimbo ya Music Crossroads ku Area 23. Tinaliona kope lake: masamba ambiri ngofufutidwa, ena ngong'ambidwa. Anatiuza kuti zimene anataya zichuluka kuposa zimene anasunga, ndi kuti chigawo chimene anachikonda koposa anachichotsa yekha, poona kuti chinali kungoonetsa liwiro la zala, chosapititsa nyimbo patsogolo.

Piyano nayonso inali ndi matenda a ukalamba. Nthawi ya dzinja matabwa amwa chinyezi nafufuma, ndipo makiyi ena akasindikizidwa sabwerera. Nthawi ya chilimwe auma, nsambo nizilekerera. Kiyi imodzi ya kumanzere inali itafa, mbewa zitadya ubweya wa kanyundo kake. Mnyamatayo sanadikire mmisiri wokunga nsambo. Anapeka nyimbo yake molambalala kiyi yakufayo, monga mlimi alambalala chitsa polima mzere. Ubwino wake unali umodzi: magetsi akazima, piyano siizima.

Nyimbo yonseyo, imene inamdyera miyezi 7, itha m'mphindi 4. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sali yekha panjira imeneyi

Bambo uja anaopa kuti mwana wake ali kutsata za Azungu nataya za kwao. Tiyenera kuvomera kuti piyano ndi mlendo, ndi kuti nyimbo zambiri zolembedwera iyo zinachokera ku Ulaya. Koma gitala nayenso anali mlendo, ndipo Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a ku Chileka, anamphunzitsa kulankhula chathu mpaka anthu a maiko akutali anadza kudzamvera. Mlendo akakhalitsa pamudzi aphunzira chinenero cha eni mudzi.

Ku Nigeria kunali katswiri Akin Euba, wobadwa mu 1935, amene anamwalira mu 2020. Anaphunzira nyimbo ku London, koma atabwerera kwao anaona chimene tanena chija, kuti piyano ndi choimbira chomenya, mbale wake wa ng'oma ndi valimba, ndipo anaphunzitsa kuti Mwafirika akhoza kuiimbitsa monga ziimbira ng'oma za kwao. Ku Ghana, J. H. Kwabena Nketia, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1921 kufikira 2019, analembera ophunzira piyano nyimbo zomangidwa pa maimbidwe a dziko lake. Ku Ethiopia kunali Emahoy Tsegué-Maryam Guèbrou, wobadwa mu 1923 ku Addis Ababa, sisitere wa mpingo wa Orthodox wa dzikolo, amene anapeka nyimbo za piyano yokha zomveka chikwao, ndipo ndalama za malekodi ake oyamba anathandizira ana osauka. Anasamukira ku Jerusalem mu 1984, nakhala m'kachipinda ndi piyano yake. Dziko lonse linayamba kumumva bwino mu 2006, ali ndi zaka zoposa 80, ndipo anamwalira mu 2023. Taonani kudekha kwake.

Ndipo kwathu kuno, nyimbo ya fuko imene ana anu aimba kusukulu ataima chilili sinagwe kumwamba ngati mvula. Anaipeka munthu, Michael Sauka, ndipo inalandiridwa m'chaka cha 1964. Nyimbo iliyonse imene mudziwa, ya pamtondo, ya paukwati, ya pamaliro, inayamba m'mutu mwa munthu mmodzi amene anakhala payekha nailingalira, ngakhale dzina lake linaiwalika.

Mau kwa makolo

Choyamba, musafulumire kutcha ulesi chinthu chimene simunachione. Mwana wosema mpini mumuona ndi zipalapala zake pansi. Wopeka nyimbo zipalapala zake zili m'kope ndi m'mutu. Pitani mukamuone, kapena tumani wachibale wokhulupirika. Funsani mafunso oyenera: kodi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku aigwira? Kodi atumiza kanthu kunyumba monga munapangana? Kodi ayenda ndi anthu otani? Ngati izi zili bwino, piyano si mdani wanu. Ku Old Town kuli malo ambiri kumene mnyamata akhoza kutayira Loweruka lake ndi malipiro ake, nabwerako wopanda kanthu koma mutu wowawa.

Chachiwiri, sitikunamizani kuti mu ntchito imeneyi muli chuma. Opeka nyimbo za piyano yokha, ngakhale m'maiko olemera, ambiri adya za kuphunzitsa ana, za kuimbira makwaya ndi maukwati, kapena za ntchito ina. Chifukwa chake muli ndi ufulu womuuza mwana kuti asasiye ntchito kapena sukulu. Koma kumuuza kuti asasiye ntchito ndi kwina, kumuuza kuti asiye nyimbo ndi kwinanso.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu: inu muli nacho chimene mwanayo asowa, chimene sichipezeka ku Area 10 kapena ku London. Akabwera kumudzi, muimbireni nyimbo zakale. Agogo asachite manyazi akaona foni ili kujambula. Muuzeni kuti nyimbo iyi inali ya posinja, iyi ya potonthoza mwana, iyi ya pobwera kumunda. Mumuuzenso zimene siziyenera kutulutsidwa pabwalo, kuti adziwe malire. Mnyamata wathu uja akadapanda kukulira pafupi ndi mtondo, bwenzi ali kulumikizabe zidutswa za pa wailesi.

Mau kwa achinyamata

Inunso ana athu, tamverani. Musabe nyimbo ya mwini ndi kuitcha yanu, pakuti kuba ndi kuba, kaya ndi mbuzi kaya ndi nyimbo. Mukatenga mbewu m'nyimbo ya makolo, nenani poyera kumene mwaitenga. Lembani zimene mwapeka, muikepo tsiku, ndipo zikakhwima kazilembetseni ku bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze ntchito za opeka ndi olemba. Amene mufuna maphunziro ozama, dziwani kuti ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba aphunzitsa za nyimbo. Wokubwerekani choimbira mlemekezeni: sambani m'manja, fikani pa nthawi yake, tsekani bwino pochoka. Musanyoze kwaya imene inakuphunzitsani do, re, mi. Ndipo mukamaliza nyimbo yoyamba musadzitame, yambani yachiwiri, pakuti nyimbo imodzi sachezera gule.

Mmene mlandu unathera

Tinapangana ndi mwini nyumba, ndipo Lamulungu lina bambo uja anadza kuchokera ku Mitundu, atavala jekete lake la ku tchalitchi. Anakana kukhala pa mpando wofewa, nakhala pa kampando pafupi ndi khomo, chipewa chili pa bondo. Analipo malume, wophika wa panyumbapo, mwini nyumba ndi ife. Mnyamatayo manja anali kunjenjemera, ndipo anaphonya poyamba, nayambanso.

Nyimbo itatha kunali chete. Bamboyo sanaombe m'manja. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenaka anati: "Pakatipo ndamva amayi ali kusinja. Koma kumapetoko wathamanga, mwana wanga. Munthu akatopa pamtondo safulumira, achedwa." Mnyamatayo anayankha kuti: "Ndamva, bambo," natenga pensulo, nalemba kanthu m'kope lake. Potuluka bamboyo anamkumbutsa za ndalama ya feteleza, namuuza kuti ntchito ya kusitolo asaiseweretse. Za kusiya limba sananenenso.

Ife sitidziwa kumene mnyamatayu adzafika, ndipo sitilonjeza kuti dzina lake lidzamveka. Chimene tinaona ndi ichi: tate amene sanakhudzepo piyano chibadwire anakonza nyimbo ya mwana wake, ndipo anakonza molondola. Inu amene muli ndi mwana wotere m'tauni, musamsiye yekha ndi choimbira chachilendocho. Makutu anu awafuna.

Tsalani bwino nonse, ndi ana omwe. Tidzachezanso mwezi wamawa.